Tute wa ku Buchi anachokera kutali

Mukadutsa m'komboni ya Buchi ku Kitwe madzulo, mupeza amayi akuwotcha chinangwa pa mbaula, pambali pali nshawa zokazinga. Anthu a ku Copperbelt amati "tute na mbalala", m'Chibemba. Ambiri timachiona ngati chotafuna podikira nsima ya chimanga. Komatu makolo a anthu ambiri a m'komboni muno anakulira nsima ya chinangwa. Nanga chinatsika bwanji pa mbale n'kukakhala m'mbali mwa msewu?

Kwawo kwa chinangwa ndi ku South America. Apwitikizi anachibweretsa kugombe la Congo m'zaka za m'ma 1500, ndipo chinayenda m'njira za malonda mpaka kufika m'dziko la Mwata Kazembe, m'chigwa cha Luapula. Anthu anachikonda chifukwa chimabereka ngakhale m'nthaka yopanda chonde, chimapirira mvula ikavuta, ndiponso chimatha kukhala m'munda zaka ziwiri kapena zitatu osaola. Mundawo ndiwo unali nkhokwe.

Mgodi wa Nkana utayamba kutulutsa mkuwa m'zaka za m'ma 1930, amuna ambiri a ku Luapula ndi kumpoto anabwera kudzagwira ntchito. Koma chakudya chimene eni migodi ankagawira antchito chinali unga wa chimanga, ndipo chimanga chambiri chinkachokera m'mafamu a m'mbali mwa njanji. Titalandira ufulu mu 1964, boma la Kenneth Kaunda linapitiriza njira yomweyo. Linkagula chimanga kudzera ku NAMBOARD, n'kumaikapo ndalama kuti unga utsike mtengo m'matauni. Chinangwa chinayamba kutchedwa chakudya cha kumudzi.

Kuopsa kodalira mbewu imodzi kunaonekera mu December 1986. Boma litachotsa thandizo pa unga wa breakfast, mtengo unakwera kuposa kawiri. Zipolowe zinabuka ku Kitwe ndi ku Ndola, masitolo anaphwanyidwa, ndipo anthu osachepera 15 anafa. Kaunda anabweza mtengo wakale, koma vuto silinathe: mu June 1990 zipolowe zina za unga zinabuka ku Lusaka.

Nthawi imeneyi chinangwa nachonso chinali pa mavuto. Tizilombo toyera toyamwa nsonga za mitengo yake tinaononga minda yambiri m'zaka za m'ma 1980, mpaka akatswiri anabweretsa kamavu kakang'ono ka ku South America kamene kamapha tizilomboto. Kenaka chilala cha 1992 ndi kutha kwa feteleza wotchipa zinabwezera alimi ambiri ku chinangwa. Ofufuza za mbewu anatulutsa mitundu yobereka kwambiri: Bangweulu, Kapumba ndi Nalumino mu 1993, ndiponso Mweru, Chila, Tanganyika ndi Kampolombo mu 2000.

Tisachikometse mopitirira. Mzu wa chinangwa umapatsa mphamvu, koma zomanga thupi zilimo zochepa kwambiri, ndiye mwana woleredwa ndi chinangwa chokha sakula bwino. Makolo a ku Luapula ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankadyera nsomba, nshawa ndi katapa, masamba amene ife timati chigwada. Masambawo ali ndi zomanga thupi, ayironi ndi vitamini A. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni. Chimafunika kusenda, kuviika m'madzi masiku angapo ndi kuyanika chisanasinjidwe, ndipo masamba amafunika kusinja ndi kuphika mpaka apse.

Lero msika wake wakula. Ku Chisokone mupeza chouma, unga wake ndi katapa, ndipo kampani ya Zambian Breweries imagula chinangwa chouma kwa alimi a ku Luapula popangira mowa wa Eagle. Chodetsa nkhawa ndi matenda oletsa mizu amene anapezeka ku Chiengi ndi ku Kaputa mu 2017. Amafala kudzera m'mitengo yobzala, choncho wobzala kuseri kwa nyumba asamale kumene watenga mbewu.

Mu February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, chimanga chitauma m'minda yambiri. Pakhomo pamene amadziwa kusakaniza unga wa chinangwa ndi wa chimanga, thumba la 25kg limakhalitsa. Nzeru imeneyi agogo a ku Buchi akali nayo. Tiwafunse akalipo.