Utsi Wosadziŵa Malire

Aliyense amene anakulira kwa Nthache, m'boma la Mwanza, amadziŵa maonekedwe a thambo kuyambira mu Ogasiti mpaka Okutobala. Mapiri a ku Thambani amabisika m'utsi, ndipo dzuŵa limaloŵa lili psuu ngati khala la moto. Utsi wina umachokera m'tchire lathu lomwe, wina umadza ndi mphepo kuchokera cha ku Zobue, m'chigawo cha Tete.

Kutentha tchire sikunayambe lero. Makolo athu ankatentha pochita uzimba, pofuna msipu watsopano ndiponso pothamangitsa zilombo. Koma moto unali ndi mwambo wake. Mfumu ndiyo inkalamula nthaŵi yotentha, ndipo wobutsa moto mwa yekha ankazengedwa mlandu. Dziko likasanduka lupsa, anthu ankadikira mvula yoyamba, imene anaitcha chizimalupsa.

M'chaka cha 1891, Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire a maiko amene ankaŵalamulira. Malirewo analekanitsa abale, koma tchire linakhalabe limodzi. Pa nthaŵi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu ambiri anathaŵira ku Mwanza, ndipo mitengo inachepa chifukwa chofuna nkhuni ndi minda. Pambuyo pake malonda a makala anakula. Lamulo la nkhalango la 1997 linaletsa kuyatsa moto m'nkhalango za boma popanda chilolezo, komabe lamulo la Malaŵi limathera pa malire.

Mu 2000, akatswiri a kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000 anayeza mpweya wa kumwera kwa Africa ndi ndege. Iwo anaona utsi wa moto wolusa wa m'maiko angapo ukuyenda pamodzi ngati mtsinje, kulunjika ku nyanja ya Indian. Motero zimene alimi ankaona ndi maso zinatsimikizika.

M'utsi muli tinthu ting'onoting'ono timene timaloŵa mpaka m'kati mwa mapapo. Makanda, okalamba ndi odwala mphumu ndiwo amavutika koposa. Pa zaka zanga za uphunzitsi, nyengo imeneyi ana ankakhosomola ndi kutikita maso m'kalasi, ife n'kumangoti ndi chimfine.

Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Mnyamata wosaka mbeŵa ku Zobue angadwalitse khanda la kwa Nthache, monganso wa kwa Nthache angadwalitse la ku Zobue. Tsono mafumu a mbali zonse ziŵiri ayenera kukhala pa bwalo limodzi, kuti moto ubwerere m'mwambo.