AGOGO ATHU NDI ZAKA 50 ZOPANDA KULAMBA

Chaka ndi chaka, Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, timasonkhana pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mbiri imene timamva kawirikawiri ndi ya mafumu. Kuyenera kutero. Komatu boma la atsamunda litaletsa mwambowu mu 1934, panapita zaka 50 kufikira pamene Kalonga Gawa Undi X Chivunga anauutsanso mu 1984. Nanga m'zaka zonsezo mwambo wa Achewa unkagona kwa yani? Ife tikuti unkagona m'nyumba za amayi onga agogo athu aakazi, a Nabanda.

Agogo ankawerenga zaka zawo ndi zochitika. Ankati pa mliri wa fuluwenza wa mu 1918 anali kamtsikana kotha kusenza kamtsuko. Anabadwira kumwera kwa Katete, kufupi ndi malire a Mozambique, m'mudzi wa amayi awo, ndipo anagona momwemo. Agogo aamuna anadza monga mkamwini, koma msonkho utakula mphamvu analowera ku migodi ya malasha ku Wankie, monga anachitira amuna ambiri a Kum'mawa kuno. Poyamba ankabwera ndi bulangeti ndi nsalu. Pambuyo pake anatchona. Munda, nkhokwe ndi ana asanu zinatsala m'manja mwa munthu mmodzi.

Agogo anabatizidwa mu mpingo wa Dutch Reformed, umene unafika ku Magwero mu 1899, ndiwo lero Reformed Church in Zambia. Anaphunzira kuwerenga ali mayi kale, pofuna kudziwerengera okha Buku Lopatulika. Analowa Chigwirizano cha amayi, kenaka anasankhidwa kukhala mlangizi wa atsikana.

Pano tisabise mawu. Masiku amenewo mpingo ndi mwambo sizinkamwerana madzi. Amishoni analetsa chinamwali naika chilangizo m'malo mwake, ndipo Mkhristu wopezeka ku Gule Wamkulu ankapatsidwa chilango. Mlongo wawo wa agogo, mwini mbumba yathu, anali wa kudambwe. Agogo sanapondepo pa bwalo la gule, koma sanalekenso kugwadira mlongo wawoyo pompatsa madzi. Mudzi unali wogawanika, iwo ali pakati. Tsiku lina mkulu wa mpingo anawadzudzula chifukwa chophika nsima pa maliro amene panavinidwa gule. Iwo anayankha mofatsa kuti anaphikira anamfedwa, ndi kuti mawa akaphikanso. Tidakali ana tinkaona ngati kuuma mutu. Lero, titakalamba, tikuona kuti akadapanda kutero banja lathu likadasweka pawiri.

Ndipo tikafunsa amayi athu zimene agogo ankalangiza kuchilangizo, timapeza kuti zambiri zinali zomwezo za anamkungwi: ulemu kwa apongozi, kusunga nyumba, kudzisunga, kusadyera mlendo m'maso. Anachotsako zimene chikhulupiriro chawo chinakana, nasunga zotsalazo. Namkungwi wa m'mudzimo anali bwenzi lawo la ponda apa nane mpondepo.

Analinso mzamba. Chipatala cha St Francis chitatsegulidwa ku Katete mu 1948, sanachite nacho nsanje ayi. Uchembere ukavuta ankalamula amuna kumanga ng'ombe pangolo usiku womwewo, iwo nakhala pambali pa wodwalayo njira yonse. Pa njala ya mu 1949 ankaphika mpama tsiku lonse, kutaya madzi ake kangapo kuti ululu uchoke, ndipo ankayamba kulawa iwo ana asanadye. M'zaka za m'ma 1980, anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique atafika ndi timitolo pamutu, agogo anapereka nyumba yawo kwa banja lina, iwo nasamukira m'khitchini. Ankakana kuwatchula kuti alendo, poti Undi mwiniyo anali ndi likulu lake ku Maano, tsidya lomwelo.

Mu 1984 tinali pa ntchito ya boma ku Chipata pamene kalata yawo inafika, yolembedwa ndi pensulo, yotiuza kuti tikawatenge kupita nawo ku Mkaika. Tinadabwa, ndipo ena a ife tinaopa zimene ampingo akanene. Anakhala pamphasa kumbuyo kwa khamu. Gule atalowa m'bwalo anaweramitsa mutu nafunda chitenje kufikira ng'oma zitaleka. Koma pamene mafumu anayamba kufika mmodzimmodzi pamaso pa Kalonga ndi mphatso zawo, anthu nafuula kuti "Yoo Gawa!", agogo anadzuka ndi ndodo yawo naimba nthungululu imene sitinaimvepo chibadwire.

Anamwalira mu 1993, chaka chotsatira chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Amayi a Chigwirizano anachezera nyimbo m'nyumba ya siwa usiku wonse. Manda anakumba ndi adzukulu a mlongo wawo uja, anyamata a kudambwe, ndipo anadikira chilili m'mbali kufikira abusa atatseka pemphero.