Castle ya ku Lundazi ndi ulendo umene inamangidwira

Anzathu akamakonza ulendo wa ku Ulaya, amawerengera masitima ndi mabasi kuti akaone nyumba zakale za mafumu. Ife a ku Lundazi tili nayo yathu pa boma pomwe, ngakhale kuti simunagonemo mfumu ya Azungu. Castle Hotel inamangidwa pakati pa 1948 ndi 1952, pamene Errol Button anali DC kuno. Mapulani ake anatengera nyumba zankhondo za ku England, koma njerwa zinaumbidwa konkuno, ndi manja a makolo athu.

Button sanangoimanga mwacibwana. Alendo ocokera ku cigwa ca Luangwa kupita ku mapiri a Nyika anafunikira pogona pakati pa njira, ndipo Lundazi ndiye anali pakatipo. M'zaka zomwezo, mu 1950, Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo oona nyama. Pambuyo pake iye anachuka ndi maulendo oyenda pansi m'thengo, mlendo ali pambuyo pa munthu wodziwa mapazi a njovu ndi mkango.

Lero ambiri mwa alendowo amatera pa ndeke ku Mfuwe, n'kubwerera momwemo. Wofuna kufika kuno amakwera basi ku Intercity mu Lusaka m'mamawa, adutse Chipata, aonjezerepo makilomita pafupifupi 180. Ocepa amalimba mtima. Ndipo cigawireni boma mu 2018, nkhalango za Luambe ndi Lukusuzi zinapita ku Lumezi, ife tinatsala ndi Castle ndi damu lake.