Maphunziro a Zaumbanda ndi Chilungamo

Criminology ndi maphunziro a kuyunivesite ofufuza za umbanda: gwero lake, anthu omwe amavutika nawo, ndiponso momwe apolisi, makhoti ndi ndende amagwirira ntchito. Ndi osiyana ndi maphunziro a zamalamulo. Loya amafuna kudziwa ngati munthu waphwanya lamulo, pomwe wa criminology amafunsanso chifukwa chomwe lamulolo limakolera ena n'kusiya anzawo. Funso limeneli ndi lomwe limalowetsamo nkhani ya chilungamo pakati pa olemera ndi osauka.

Mizu ya maphunzirowa ili ku Italy. Mu 1764 Cesare Beccaria analemba buku lotsutsa chilango cha imfa komanso mchitidwe wozunza munthu kuti avomere mlandu. Mu 1876 dokotala Cesare Lombroso, atayeza zigaza, nsagwada ndi makutu a akaidi, anati ena amabadwa ali zigawenga. Maganizo a Lombrosowo anakanidwa, ndipo m'pake. Ku Chicago, Clifford Shaw ndi Henry McKay anaonetsa mu 1942 kuti umbanda wa achinyamata unkachulukabe m'madera osauka omwewo ngakhale anthu a mitundu ina atasamukamo n'kulowamo ena, kutanthauza kuti vuto silinali m'magazi. Naye Edwin Sutherland mu 1939 anati kuba kwa mabwana a m'makampani ndi umbanda ndithu, ngakhale iwo sagona m'chitokosi kawirikawiri.

Ophunzira amazama pa chikhalidwe ndi kaganizidwe ka anthu, malamulo ndi luso la kafukufuku. Amaphunziranso kusakhulupirira msanga ziwerengero za apolisi, popeza milandu yambiri, makamaka ya nkhanza za m'banja ndi kugwiririra, imathera pakhomo osalembedwa. Akamaliza amagwira ntchito kupolisi, kundende, m'maofesi osamalira anthu kapena m'mabungwe a zaufulu.

Ku Malawi nkhani ya lamulo la vakabu ikuonetsa bwino zomwe maphunzirowa amaunika. Lamuloli linabwera ndi atsamunda a ku Britain, ndipo linkapatsa apolisi mphamvu yomanga munthu pongomukayikira chifukwa cha malo ndi nthawi yomwe amupeza. Omwe ankagwidwa kwambiri anali mavenda, ana a m'misewu ndi amayi oyendayenda. Venda wina wa ku Blantyre, Mayeso Gwanda, anamangidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa majumbo, ndipo anakasuma. Mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a zilango, yokhudza vakabu, ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko.