Mbiri ya Asainimenti M'maphunziro Apatali

Kuyambira pachiyambi, maphunziro apatali akhala akudalira ntchito yomwe wophunzira amalemba ndi kutumiza kuti ikachongedwe. M'zaka za m'ma 1840, Isaac Pitman wa ku Bath, ku England, ankaphunzitsa kalembedwe kachidule ka shorthand kudzera pa positi. Ophunzira ankalemba ndime za m'Baibulo pa timakhadi n'kumutumizira, iye n'kukonza zolakwika n'kubweza. Izi zinatheka chifukwa mu 1840 boma la Britain linakhazikitsa mtengo umodzi wotsika wotumizira kalata kulikonse m'dzikomo.

Kwa zaka zoposa 100 njira inali yomweyo: pepala, envelopu ndi sitampa. Yunivesite ya UNISA ya ku South Africa inayamba kuphunzitsa m'makalata mu 1946, ndipo ndi komwe Nelson Mandela anapeza digiri ya zamalamulo mu 1989 akadali m'ndende. Ku Malawi, Malawi Correspondence College inatsegulidwa mu 1965, ndipo pambuyo pake inadzatchedwa Malawi College of Distance Education (MCDE). Wophunzira wakumudzi ankalemba mayankho ake pansi pa nyali, n'kuyenda mtunda wautali kukaponya kalata, kenako n'kudikira masabata kuti pepala libwerere lili ndi inki yofiira ya mphunzitsi yemwe sanamuonepo. Njira imeneyi inatsegulira ambiri mwayi, koma aliyense ankayenera kuyankha mofanana. Wosaona kapena wovutika kugwira cholembera ankatsalira, ngakhale phunziro akulidziwa bwino.

Open University ya ku Britain, yomwe inakhazikitsidwa mu 1969 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1971, inagawa asainimenti m'mitundu iwiri: yochongedwa ndi mphunzitsi ndi yochongedwa ndi kompyuta. Kusintha kwakukulu kunadza ndi intaneti. Mu 2002 Martin Dougiamas anatulutsa Moodle, pulogalamu yaulere yomwe masukulu ambiri aukachenjede amaphunzitsira. Iyeyu anakulira kuchipululu ku Western Australia, komwe maphunziro ake oyamba ankadzera pa wailesi, choncho vuto la mtunda ankalidziwa kuyambira ali mwana.

Mu pulogalamu yotereyi mphunzitsi ndiye amasankha kalandiridwe ka ntchito. Wophunzira angathe kutumiza fayilo, kutaipa mayankho pomwepo, kapena kujambula mawu ake akufotokoza. Mphunzitsi angathenso kuwonjezera masiku kwa munthu mmodzi yemwe wadwala kapena waferedwa, popanda kusuntha tsiku la kalasi yonse, ndiponso kuonetsa ntchito ina kwa gulu limodzi lokha. Malamulo nawo anathandiza. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006, lomwe dziko la Malawi linavomereza mu 2009, limafuna kuti sukulu zizisintha zinthu moyenera kuti wophunzira waulumali asatsalire.

Mliri wa Covid-19 unafalitsa mchitidwewu mofulumira. Sukulu zitatsekedwa ku Malawi mu Marichi 2020, ophunzira ambiri analibe laputopu, netiweki inali yovuta, ndipo ndalama yogulira intaneti inkasowa. Aphunzitsi ena anayamba kulandira ntchito yolembedwa pamanja m'kope, yojambulidwa ndi foni n'kutumizidwa pa WhatsApp.

Gawo lovuta, lomwe makina sangathandizepo kwenikweni, ndi kachongedwe. Wina akalemba masamba atatu, wina n'kutumiza mawu a mphindi zisanu, onsewa ayenera kuyesedwa ndi mlingo umodzi, apo ayi njira ina imasanduka yopezerapo malikisi mosavuta. Ndiye chifukwa chake aphunzitsi osamala amayamba alemba zomwe wophunzira ayenera kuonetsa kuti wadziwa, ndi malikisi a mfundo iliyonse, n'kupereka ndandandawo kwa kalasi yonse ntchito isanayambe. Pomwe luso loyesedwalo ndi kulemba kwenikweniko, monga chimangirizo, kujambula mawu sikuloledwa, ndipo thandizo limakhala nthawi yowonjezera kapena chipangizo cholembera monga makina a Braille.