Makina a Video Poker, Jakipoti ndi Pepala la Msonkho ku America

M'makasino a ku Las Vegas mukhoza kupeza makina awiri a video poker ataima moyandikana, dzina limodzi, mabatani ofanana, nyimbo yake yomweyo, koma ena akudya ndalama za wosewera mofulumira pafupifupi ka 6 kuposa anzakewo. Kusiyanako sadakubise. Adakulemba poyera pamwamba pa sikirini, pamndandanda wa malipiro, kungoti alendo ambiri sauwerenga. Maso awo amathamangira pa nambala yaikulu ya jakipoti. Omwe azolowerako pang'ono amakhala ndi nkhawa ina: kodi ndikawina, a msonkho adziwa? Nkhawa imeneyi imawatayitsa ena ndalama zenizeni, chifukwa amasankha makina pothawa pepala la msonkho m'malo moona chimene makinawo amalipira.

Kaseweredwe kake nkosavuta. Makina amakupatsani makhadi 5. Oti musunge mumawadina pa batani lolembedwa hold, kenako mudina draw, ndipo pamalo pa makhadi omwe mwataya pamabwera ena. Zimene mwatsala nazo ndizo zimalipidwa. Palibe mnzanu wopikisana naye kapena womunamiza ndi nkhope. Makinawa adafala kwambiri kampani ya Si Redd yotchedwa SIRCOMA, yomwe idadzakhala IGT, itatulutsa Draw Poker mu 1979. Amasiyana ndi makina opukusa zithunzi aja otchedwa slot pa chinthu chimodzi chachikulu. Ku Nevada lamulo limati makina oonetsa makhadi azigawa monga momwe paketi yeniyeni ya makhadi ingagawire. Ndiye kuti mwayi wa khadi lililonse ndi wodziwika, ndipo munthu wa masamu akangoona mndandanda wa malipiro amatha kuwerengera ndendende zimene makinawo amabweza. Pa slot zimenezi amazidziwa ndi eni ake okha.

Mndandanda umenewu, womwe osewera amautcha pay table, ndiwo mwini nkhani. Titenge masewero otchuka kwambiri, Jacks or Better. Dzinali likunena kuti malipiro otsikitsitsa amayambira pa makhadi awiri ofanana a J, Q, K kapena A. Awiri a 10 sapindula kanthu. Odziwa akafika pamakina otere sayang'ana pamwamba. Amatsitsa chala pa mizere iwiri ya pakati. Woyamba ndi full house, kutanthauza makhadi atatu a nambala imodzi ndi awiri a nambala ina. Wachiwiri ndi flush, makhadi asanu a chizindikiro chimodzi, monga mitima yokhayokha. Ngati full house ikulipira 9 ndipo flush ikulipira 6 pa kobili limodzi, makinawo amatchedwa 9/6, kapena full pay, ndipo amabweza 99.54 peresenti ya ndalama zobetchedwa. A 8/5 amabweza 97.30 peresenti. A 6/5 amangofika pa 95.

Manambalawa amaoneka ngati ayandikana, koma tiwaike m'thumba la munthu. Pa makina a masenti 25, wobetcha makobili 5 amaika $1.25 ulendo uliwonse. Akasewera maulendo 600 pa ola, zomwe wozolowera amakwanitsa, ndiye kuti wadutsitsa $750 m'makinamo, ngakhale adabwera ndi $100 yokha yomwe ikungozungulira. Pa 9/6 ola limenelo limamudyera pafupifupi $3.45. Pa 8/5 limamudyera $20.25, ndipo pa 6/5 ndi $37.50. Zili ngati sikelo ya vendala wogula chimanga: thumba lomwelo, mtengo womwewo pa kilo, koma kwanu mukafika ndi ndalama zoperewera.

Pa mawu oti makina "amabweza" 99.54 peresenti pali zoti munthu asamale nazo. Nambalayo ndi ya maulendo mamiliyoni, osati ya usiku umodzi. Imawerengera kuti wosewera salakwitsa ngakhale kamodzi posankha khadi losunga ndi lotaya, pomwe anthu ambiri amasewera mongoganizira, chakumwa chili pambali. Chinanso, pafupifupi 2 peresenti ya nambalayo imachokera ku royal flush, makhadi a 10, J, Q, K ndi A a chizindikiro chimodzi, yomwe imabwera mwina kamodzi pa maulendo 40,000. Munthu akhoza kusewera miyezi osaiona, ndipo nthawi yonseyo makina "abwino" aja akumubwezera pafupifupi 97 ndi theka basi. Royal flush ilinso ndi msampha wake. Wobetcha kobili limodzi mpaka anayi amalipidwa 250 pa kobili lililonse, koma wobetcha onse 5 amalipidwa 800 pa kobili, kutanthauza makobili 4,000. Nchifukwa chake akatswiri amati ngati thumba silikulola makobili 5 pa makina a dola, tsikirani pa a masenti 25.

Masewero ena amasinthana malipiro aang'ono ndi aakulu. Double Double Bonus imalipira makobili 2,000 kwa wobetcha onse 5 pa ma A anayi otsatana ndi khadi la 2, 3 kapena 4, khadi lachisanulo amalitcha kicker. Ndalama zolipirira mphoto yokoma chonchi sizichokera kumwamba. Azidula pa two pair, magulu awiri a makhadi awiriawiri, omwe amabwera pafupipafupi: pa Jacks or Better amalipira kawiri, pomwe apa amangokubwezerani zomwe mudabetcha. Zotsatira zake ndi zimene amazitcha variance, kukwera ndi kutsika kwa ndalama zanu. Thumba limauma msanga, kenako mwadzidzidzi lidzaza, ndipo 9/6 yake imabweza 98.98 peresenti. Pali Deuces Wild, momwe khadi la 2 limalowa m'malo mwa lina lililonse. Ya full pay imafika 100.76 peresenti, ndipo masewero ena, 10/7 Double Bonus, amafika 100.17. Makina opitirira 100 otere ndi osowa kwambiri masiku ano, pa chifukwa chosafunika kufotokoza.

Tsopano jakipoti ikagwa. Makina amadzitseka, nyali ya pamwamba iyaka, nyimbo ilira, mabatani aleka kuyankha. Pakapita kanthawi pamabwera wantchito wa kasino, apempha chitupa chokhala ndi chithunzi ndi nambala ya Social Security, achoka, nabweranso ndi pepala loti musaine komanso ndalama zomwe amakuwerengerani m'manja, $100 iliyonse payokha, anthu akuyang'ana. Kulipira kotere kumatchedwa hand pay. Pepalalo ndi fomu ya W-2G, ndipo kope lake limapita ku IRS, bungwe lotolera misonkho la boma la America. Kuchokera mu 1977 malire a fomuyi pa makina adali $1,200 pa kuwina kumodzi, ndipo adakhala pomwepo zaka pafupifupi 50 ngakhale dola idatha mphamvu kangapo konse. Kuyambira mu 2026 akwera kufika $2,000, kutsatira lamulo lomwe Donald Trump adasaina pa 4 July 2025.

Malire akale aja adaumba makhalidwe a osewera. Royal flush pa makina a masenti 25 ndi $1,000, choncho siinkabweretsa fomu. Pa makina a dola ndi $4,000, fomu imabwera. Pa makina a $10, makhadi anayi ofanana amalipira makobili 125, omwe ndi $1,250, ndipo popeza amabwera mwina kamodzi pa maulendo 420, wosewera ankatha kusaina mafomu angapo madzulo amodzi n'kupita kwawo ataluza. Makasino ena adafika podula malipiro a straight flush pa makina a $5 kuchoka pa makobili 250 kufika pa 239, kuti $1,250 ikhale $1,195 ndipo makina asamatseke. Malire atsopanowa achotsa ena mwa mavuto amenewa, komabe royal flush ya masenti 50, kapena ma A anayi ndi kicker pa makina a dola, zimagwera pa $2,000 penipeni.

Apa ndi pomwe ambiri amasokera. W-2G si msonkho. Ndi kalata yodziwitsa boma chabe. Lamulo la America limafuna kuti munthu anene ndalama zonse zomwe wawina pa njuga, fomu ilipo kapena palibe. Amene wawina $1,000 ali ndi udindo womwewo ndi amene wawina $4,000. Pa makina, kasino kawirikawiri siiduliratu msonkho kwa wokhala m'dzikomo, pokhapokha akalephera kupereka nambala yake ya msonkho, pomwe imadula 24 peresenti. Choncho munthu wosiya makina a dola a 9/6 n'kukakhala pa a masenti 25 a 8/5 chifukwa jakipoti yake siifika pa malire, wagula mtendere wa mumtima pa mtengo wokwera, ndipo udindo wake kwa IRS sunasinthe.

Komabe sindinganene kuti mantha awo alibe maziko. Zowina zimalembedwa pa ndalama zonse zomwe munthu wapeza pachaka, pomwe zoluza zimachotsedwa kwina, pa fomu ya Schedule A, ndipo zimathandiza okhawo amene asankha kulemba zochotsera zawo chimodzichimodzi m'malo motenga mlingo womwe boma limapatsa aliyense. Agogo opuma pantchito omwe ali ndi mafomu a $30,000 akhoza kuoneka papepala ngati olemera, n'kukwezeredwa ndalama zolipira ku Medicare, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, chonsecho chaka chonse adaluza. Lamulo la 2025 lija lidawonjezera china chowawa: kuyambira 2026 munthu amaloledwa kuchotsa 90 peresenti yokha ya zoluza. Mukawina $10,000 n'kuluza $10,000 m'chaka chomwecho, mudzachotsa $9,000, ndipo mudzakhoma msonkho pa $1,000 yomwe simudaigwirepo. Kwa wosewera video poker, yemwe phindu lake likakhalapo n'kosakwana 1 peresenti, zimenezi zimafafaniza ubwino wonse wa makina a full pay. Lamulo ili ine ndimaliona lokhota, chifukwa likudulira msonkho pa ndalama ya m'maloto.

Chitetezo chomwe wosewera ali nacho ndi kabuku. IRS imalangiza kulemba tsiku, dzina la kasino, mtundu wa masewero, nambala ya makina, ndi ndalama zowina kapena zoluza. Khadi la umembala lomwe mumalowetsa m'makina limathandiza, chifukwa kasino imatha kupereka chikalata cha pachaka cha zowina ndi zoluza, koma chikalatacho chimangochitira umboni kabuku kanu. Amene alibe zolemba amatsala ndi mafomu oonetsa kuwina kokhakokha.

Kwa mlendo nkhani ndi ina. Wochokera kunja salandira W-2G koma fomu ya 1042-S, ndipo kasino imaduliratu 30 peresenti ya jakipoti asanaigwire. Royal flush ya $4,000 imakhala $2,800. Mayiko ena, monga Britain ndi South Africa, ali ndi mapangano a msonkho ndi America omwe amamasula okhala m'mayikowo ku msonkho umenewu, malinga apereke zikalata zoyenera. Chimene amayang'ana ndi dziko lomwe munthu amakhala ndi kukhoma msonkho, moti Mmalawi wokhazikika ku London ndi mchimwene wake wochokera ku Lilongwe akhoza kuwina mofanana, pamakina oyandikana, wina n'kutuluka ndi zonse, winayo n'kusiya $1,200.

Mukadzapezeka patsogolo pa makina amenewa, yambani mwawerenga mzere wa full house ndi wa flush, betchani makobili 5 pa mtengo womwe thumba lanu lingapirire, ndipo lembani zonse m'kabuku tsiku lomwelo. Musasankhe makina chifukwa cha fomu. Ndipo dziwani kuti ngakhale pa 9/6, mutasewera osalakwitsa ngakhale kamodzi, kasino imatsalabe ndi masenti 46 pa $100 iliyonse yomwe mwabetcha.