Kusandutsa CBD kukhala delta-8: vuto limayamba mphika ukakula

Delta-8 THC ndi mankhwala oledzeretsa omwe amapezeka m'chamba mwachilengedwe, koma ndi ochepa kwambiri moti palibe angapindule powafinya m'masamba. Pafupifupi delta-8 yonse yomwe yakhala ikugulitsidwa m'dziko la United States m'maswiti, m'mafuta ndi mu ndudu zamagetsi imachita kupangidwa kuchokera ku CBD, mankhwala osaledzeretsa a m'chamba cha mtundu wa hemp.

Malonda amenewa anabadwa chifukwa cha mpata womwe lamulo linasiya. Mu 2018, dziko la United States linavomereza ulimi wa hemp, ndipo linati hemp ndi chamba chomwe delta-9 THC yake siposa 0.3 peresenti chikauma. Alimi anathamangira mbewuyi, CBD inasefukira pamsika, ndipo pofika 2020 mtengo wake unali utagwa. Popeza lamulolo linatchula delta-9 yokha, amalonda anaona kuti CBD yosowa ogula ikhoza kusanduka chinthu china choledzeretsa chomwe sichinaletsedwe mwachindunji. Mu 2022, khoti la apilo la Ninth Circuit, pamlandu wa AK Futures ndi Boyd Street, linagamula kuti delta-8 yochokera ku hemp ndi yololedwa pansi pa lamulo la 2018.

Sayansi yake si yatsopano. Roger Adams wa pa University of Illinois anapatula CBD m'chamba mu 1940, ndipo posakhalitsa gulu lake linaonetsa kuti asidi amaisandutsa THC. CBD ndi THC zili ndi maatomu ofanana ndendende: 21 a kaboni, 30 a haidrojeni ndi awiri a okosijeni. Zimangosiyana kalumikizidwe. Asidi amachititsa kuti mbali imodzi ya CBD yomwe ili yotseguka itsekeke ngati mphete, koma siitsekeka m'njira imodzi yokha. Mumphika womwewo mumatuluka delta-8, delta-9, mitundu ina ya THC yosapezeka kawirikawiri m'chomera, ndi zinthu zina zomwe akatswiri sanazidziwe bwino.

M'botolo la lita imodzi, katswiri amatha kuyang'anira zonsezi. Mphika wa malita 1,000 ndi nkhani ina. Chiwiya chikakula ka 1,000 m'kati, khoma lake lotulutsira kutentha limakula ka 100 kokha, choncho lita iliyonse imatsala ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a malo ozizirira omwe inali nawo m'botolo. Kutentha kukakwera, kusanduka kwa mankhwala kumafulumira, ndipo ngati kusandukako kukutulutsanso kutentha, zinthu zimathawa m'manja. Kutakasa nakonso kumavuta. Aliyense amene anaphikapo nsima ya pamaliro amadziwa kuti pansi pa mphika pakhoza kupserera pamwamba pasanapse. Mufakitale, malo omwe asidi waunjikana kapena omwe atentha kuposa ena ndi omwe amabala zinthu zosafunika zija. N'chifukwa chake makampani opanga mankhwala a kuchipatala sadumpha kuchoka pa botolo kupita pa thanki: amayamba ayeza kuchuluka kwa kutentha komwe kumatuluka, kenaka n'kumakulitsa pang'onopang'ono.

Ngozi yoonekeratu ndi moto. CBD imayamba yasungunulidwa m'madzi a mankhwala omwe ambiri mwa iwo amayaka msanga, ndipo nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya, moti imakwawa pansi mpaka kukapeza kamoto ka switchi kapena ka injini. Chipinda choyenera ntchitoyi chimafuna makina okoka mpweya woipa, magetsi osathetheka, ndi zitsulo zolumikizidwa kunthaka. Asidi amaotcha khungu ndi maso, ndipo zotsalira zake sizotayira m'ngalande. Kupanga HHC, mankhwala ena a m'banja lomweli omwe anayamba kupezeka pamsika wa ku Ulaya mu 2022, n'koopsa koposa, chifukwa kumafuna mpweya wa haidrojeni, womwe umaphulika, pamodzi ndi ufa wachitsulo womwe ukhoza kuyatsa moto ukauma pamphepo.

Ngozi yobisika imagwera wogula. Kuchotsa asidi wotsala, madzi osungunulira ndi mitundu yosafunika ya THC ndi gawo lodula kwambiri la ntchitoyi, ndipo ndi lomwe wofuna phindu lamsanga amayamba kulidumpha. Ngakhale kuyeza kumavuta, chifukwa delta-8 ndi delta-9 zimafanana kwambiri moti makina osachunidwa bwino amazisokoneza. Chikalata cha ku labotale chonena kuti katundu ndi woyera chimangonena za zinthu zomwe oyezawo anazifunafuna.

Mu September 2021, mabungwe a FDA ndi CDC anachenjeza anthu za delta-8. Kuyambira January 2021 mpaka February 2022, malo olandira malipoti a poizoni m'dzikolo analemba anthu 2,362 okhudzidwa ndi delta-8, ndipo 41 mwa 100 alionse anali osakwana zaka 18. Ziwerengerozi sizisiyanitsa amene anadwala ndi THC yeniyeniyo ndi amene anadwala ndi zotsalira za kufakitale.

Malamulo akutsekeka tsopano. Mu March 2025, nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo inaika HHC pamndandanda wa mankhwala oyang'aniridwa pansi pa pangano la 1971. Mu November chaka chomwecho, nyumba ya malamulo ya United States inasintha tanthauzo la hemp kuti lisaphatikize mankhwala opangidwa kunja kwa chomera, ndipo inapereka chaka chimodzi kuti lamulolo liyambe kugwira ntchito.

Ku Malawi, lamulo la 2020 linaloleza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo omwe apatsidwa chiphaso ndi bungwe la Cannabis Regulatory Authority, pomwe kusuta kudakali mlandu. Wofuna kugulitsa CBD kunja ayenera kudziwa kuti gawo lina la msika wake ku United States linkadalira mafakitale osandutsa aja, omwe lamulo latsopanoli lawatsekera khomo.